A Sanyowa Alowa M'madzi

Kuno madzi amabwera mvula itatha. Amachokera kumapiri akutali, nkumayenda pang'onopang'ono m'mabango, mpaka kudzafika udzu utayamba kale kuuma. Mtsinje umagawikana timifuleni tambirimbiri, ndipo pamene padadutsa ng'ombe mwezi watha pamadutsa bwato. M'mawa kumazizira koti zala zimakana kugwira chinthu. Masana dzuwa limawala koma silitentha. Nyengo imeneyi imafuna kuti mabwato amatidwe, matenti asokedwe, ndipo mwamuna aliyense wodziwa kukankha bwato akhale padoko, pakuti alendo ofuna kukagona kuzilumba amabwera pamodzi ndi madziwo.

A Sanyowa adayamba kuima kumbuyo kwa bwato asanamere ndevu. Dzinalo adawapatsa ndi anzawo a padoko. Wokankha bwato aliyense amagwapo tsiku lina: nsungwi yokankhira imatitimira m'matope, bwato limapitirira, munthu amatsala akulendewera, kenako khuvu! Iwo ayi. Tsitsi lidachita kuyera kabudula wawo asananyowepo.

Ntchito yawo ndi kunyamula alendo awiri, kuwakhazika pansi m'bwato, ndi kuwadutsitsa m'tinjira ta mvuu mpaka pachilumba. Kumeneko amasankha malo okhoma matenti, kutali ndi njira ya njovu ndi mtengo wa zipatso zakupsa. Amakumba dzenje la chimbudzi kuseri kwa chitsamba. Amasonkha moto woti ufike m'mawa. Kukacha amatsogolera alendowo wapansi kukaona nyama, ndipo masana alendo akafuna kusambira padziwe la mchenga kuseri kwa chilumbacho, iwo amakhala pamtunda maso ali pamadzi. Aliyense ankati akulondera ng'ona, ndipo ankalonderadi.

Koma a Sanyowa sankadziwa kusambira. Mayi awo, amene mlongo wawo adatengedwa ndi ng'ona akuchapa, ankakwapula mwana aliyense amene wabwera kunyumba atanyowa kupitirira m'mawondo. Mwanayo adakula, nadziwa madzi onse a kuno ali pamwamba pake, ndipo panalibe amene adaganizako zomufunsa. Ankadziwa ndi akazi awo okha.

Chaka chino madzi atangofika, a kapitawo adaitana okankha mabwato onse pansi pa mtengo wa padoko. Adati eni kampani alamula kuti wina aliyense wopita ndi alendo kukagona kuzilumba aonetse kuti amatha kusambira ndi kuvuula chinthu m'madzi. Mayeso adzachitika mwezi usanathe. Wolephera adzatsala padoko, azidzakweza zikwama.

"Ee, a Sanyowa!" adakuwa mnzawo wina. "Chaka chino tiiona mimbayo!"

Onse adaseka, iwonso adaseka nawo.

Kunyumba adapeza akazi awo akutsuka mbale pakhonde. Adakhala pampando, nafotokoza nkhani yonse akuyang'ana zikhadabo za kumapazi.

"Ndiye mukawauza chiyani?" adafunsa mayiwo.

"Ndikati ndili ndi chifuwa."

"Cha mwezi wathunthu? Adzakutengerani kuchipatala, kenako adzakuponyani m'madzi momwemo. Pitani kwa mkamwini wanu akuphunzitseni."

"Ndikavule malaya pamaso pa mwamuna wa mwana wanga?"

"Mimba ndi mimba, bambo. Nayenso ali nayo, mwinanso yoposa yanuyo."

"Mayi, musandiyambe."

"Chabwino. Muzikakweza zikwama. Ndikusokerani nkhata."

Mkamwiniyo ndi wophikira alendo. Adachokera kumtunda, kumene madzi ambiri amene anthu amawadziwa ndi a m'damu la ng'ombe, ndipo m'damumo ndi mmene adaphunzirira kusambira. M'bwato satha kuima ngakhale pang'ono. Amakhala pakati pa mapoto ndi zigubu, manja onse atagwira m'mbali. A Sanyowa sadakondwe pamene mwana wawo adamubweretsa, ndipo kwa zaka zingapo ankamuwerengera pamodzi ndi katundu. Ankapatsana moni waulemu, wautali, basi.

Sadapite kukamupempha. Amene adapita kukapempha ndi akazi awo.

Paulendo wotsatira adafika pachilumba dzuwa lili paliwombo. Adakhoma matenti, alendo adadya, nalowa kukapuma. Mkamwini adatsuka mapoto, napukuta manja nthawi yaitali, kenako adabwera nanjuta pataliko.

"Bambo, ndimati ndikatunge madzi kudziwe. Koma ndikuopa ng'ona. Mwina mukadandiperekeza."

Zigubu zonse zinali zodzaza. A Sanyowa adaziyang'ana, natenga nsungwi yawo.

Padziwepo adayamba azungulira kaye m'mbali, kufufuza mapazi ndi mkwasa wa mchira pamchenga. Panalibe. Adavula malaya atatembenukira kumabango, nalowa. Madzi adafika m'mawondo, iwo adaima pang'ono, kenako adapitirira mpaka m'chiuno. Anali ozizira ngati chitsulo cha m'mawa.

"Tsono mugone chafufumimba, bambo."

"Ndigone pa chiyani, akamwini?"

"Pamadzipo."

"Mwaona mphasa apa?"

Mkamwini sadafune kuwakhudza apongozi ake. Adatenga nsungwi, naipingasa pansi pa chifuwa chawo, iye atagwira kunsonga. A Sanyowa adatsamira, miyendo idanyamuka, nsungwi idaterereka, ndipo mutu wa imvi udalowa m'madzi koyamba chibadwire. Adavuuka akutsokomola, madzi akutuluka m'mphuno.

"Amakoma bwino akakhala m'kapu," adatero atapeza mpweya.

Adayesanso ndi chigubu chopanda kanthu, atachikumbatira. Chigubu chidayandama, iwo adazungulira nakhala pansi pake.

"Pepani bambo," adatero mkamwini akuyang'ana pansi. "Palibenso njira ina. Ndikugwirani pamimba."

"Gwirani. Koma muyang'ane uko."

Adawagwira ndi zikhato ziwiri, nkhope atalozetsa kumabango, akulangiza ngati akulankhula ndi mbalame. "Miyendo, bambo. Ayi, mukumenya madzi ngati akulakwirani. Pang'onopang'ono. Mwamuona galu akamaoloka?"

"Mukundiyesa galu?"

"Ayi bambo, ndimangonena kuti galuyo amadziwa."

Patapita kanthawi mkamwini adatsitsa manja ake osanena. A Sanyowa adamva pamimba pali pokha.

"Iwe! Usandisiye, iwe!"

Chikwatire mwana wawo anali asanamutchulepo choncho. Mkamwini adawagwiranso msanga, ndipo onse awiri adakhala ngati sadamve.

Pamene ankatuluka, adaona mayi wina wachikulire mwa alendowo ataima pamtunda ndi magalasi ake oonera mbalame. Adawayang'ana amuna awiri onyowawo, kenako adakweza magalasiwo nayamba kufufuza pamwamba pa mtengo wopanda mbalame.

Madzulo ake, alendo atazungulira moto, mvuu zikulira kumunsi, a Sanyowa ankayetsemula pakati pa nkhani iliyonse. Mkamwini adawapatsira tiyi wa shuga wambiri alendo asanalandire wawo.

Zidapitirira choncho ulendo uliwonse. Alendo akalowa m'matenti masana, zigubu zinkasowa madzi. Usiku kunkazizirabe, masamba a pachilumba adayamba kuyoyoka, ndipo udzu wa kumtunda udasanduka wofiirira. A Sanyowa adaphunzira kusambira mwamtundu wawo: khosi lili njo, maso ali tong'o, milomo yotseka zolimba, manja akukumba ngati akufukula mbatata. Sizinali zokongola, koma ankasuntha. Chimene chinkawavuta ndi pakati pa dziwe, pamene phazi limafuna mchenga osaupeza. Akafika pamenepo ankabwerera.

"Pakatipo mpofanana ndi m'mbali, bambo," ankatero mkamwini. "Madzi ake ndi omwewo."

"Inu mumatero chifukwa simudaonepo zimene zimakhala pansi pake."

Tsiku la mayeso, a kapitawo eni ake adabwera pachilumba ndi okankha mabwato onse. Kunali mphepo kuyambira m'mawa, ndipo dziwe lidachita makwinya. A kapitawo adathira madzi m'chigubu kufika pakati, nachitseka, nachiponya patali. Mmodzimmodzi ankalowa, kuchitenga, kubwera nacho. Achinyamata ankachita kudumpha chamutu ndi kudzionetsa. Wina wonenepa adabwera nacho akutukwana kuzizira.

"A Sanyowa!" adaitana a kapitawo.

Adavula malaya, nawapinda bwinobwino, nawaika pamwamba pa nsapato.

"Taonani, ndi yoyera ngati ya nsomba!" adakuwa mnzawo uja.

"Yako ija timaidziwa tonse," adayankha. "Mvuu zimaipatsa moni."

Chigubu chidagwera pakati penipeni, ndipo mphepo idayamba kuchikankhira kutsidya. A Sanyowa adalowa choyenda mpaka madzi adafika m'khosi, kenako adanyamula mapazi. Anzawo atawaona kasambiridwe kake, adaphulika ndi kuseka. Mmodzi adauwa ngati galu. Mkamwini sadaseke. Adaima m'mphepete ketulo ili m'manja, nsapato zake zili m'madzi osadziwa.

Atafika pakati, a Sanyowa adaleka kukumba. Phazi lidatsika kukafuna mchenga. Chibwano chidamira, kenako mphuno, ndipo kuseka kudatha. A kapitawo adayamba kumasula wotchi yawo.

"Miyendo, bambo!" adakuwa mkamwini. "Miyendo!"

Mutu wa imvi udavuuka, nulavula madzi. Manja adayambanso kukumba. Chigubu chidathawa kamodzi atachikhudza ndi chala, kachiwiri adachigwira pachogwirira. Adatembenuka pang'onopang'ono ngati bwato lodzaza, nayamba kubwerera ndi dzanja limodzi, akupuma mokoka. Mawondo awo atagunda mchenga adaimirira, natuluka madzi akuyenderera m'kabudula, nakaika chigubucho pamapazi pa a kapitawo.