Chivindikiro cha mphika wa apongozi

Mphika wachitsulo wa apongozi anga ku Mkhumba unkandinyansa, sindibisa. Wakuda bii, wa miyendo itatu, ati makolo awo anachita kuusenza kuchokera ku Mozambique. Sopo sunkamudziwa. Akaphikira nkhuku ankangoupukuta ndi chitsononkho, kupakamo timafuta, n'kuuvundikira pansi pa nkhokwe pomwe mphemvu zinkachitira misonkhano. Ukanunkhiza, nkhuku ya chaka chatha inali momwemo. Aaa, ine ayi!

"Moto umapha zonse, mwananga," iwo ankatero.

Mwana wanga wamkazi atakwanitsa chaka, apongoziwo anatipatsa tambala. Ndinalumbira kuti mwana wanga sadya za mumphika wauve. Iwo atangopita kudimba ndinautulutsa n'kuukwecha ndi mchenga, phulusa, sopo, mpaka manja kuwawa. Madzi ake anali ngati a m'ngalande. Ndinachita kulavula.

Tambala uja ndinamudulira pachivindikiro cha mphikawo, poti chinali chachikulu. Magazi ndi zam'matumbo zinayenderera pomwepo, ntchentche n'kudzazana. Ndinachikankhira pambali. Nyama itapsa mumphika muja, mwana akulira kumsana, ndinavuula chiwindi ndi kantchafu n'kuika pachivindikiro chomwecho kuti zizizire msanga. Ndinamudyetsa ndi dzanja langa.

Mawa lake mwanayo anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza, thupi moto, maso kulowa m'kati. Ndinachita mantha kuti andisiya. Pakabaza popita kuchipatala ndinatukwana mphika uja njira yonse, apongozi akutsatira panjinga ina.

Namwino atamuika diripi anafunsa zomwe mwanayo anadya. Ine ndinayamba ndi za mphika, mokweza dala kuti apongozi amve. Namwino anandidula.

"Mayi, nyamayo inapsa bwino?"

"Inapsa, mpaka kulekana ndi mafupa."

"Nanga mutavuula munaika pati?"

M'maganizo ndinaonanso magazi aja ndi ntchentche zija pachivindikiro paja.

Apongozi ankadziwa. Ndi iwo amene anachipeza chivindikirocho pobwera kudimba, magazi atauma pamodzi ndi msuzi, n'kuchitsuka ndi madzi owira. Pamaso pa namwino sanandiulule. Anangomasula chitenje chawo n'kufunditsa mdzukulu wawo.

Mwana anachira tsiku lachinayi. Mphika tinaupeza utachita dzimbiri chifukwa cha kukwecha kwanga, ndipo apongozi anauikanso pamoto n'kuupaka mafuta, osandiyang'ana. Mpaka lero ndikadula nkhuku ndimasamba m'manja ndi sopo kawiri, koma dzanja lamanjali limandinyansabe.