Kantchentche ka Pakhoma la Bafa

Bambo a Tadala, m'mawa uno ndikusamba ndaona pakhoma kantchentche kaubweya kaja, ka mapiko onga mtima. Sopo wandipulumuka m'manja. Ndakumbuka ku Area 23, m'nyumba ya lendi ija, tsiku lomwe munamaliza filimu ya ubatizo wa Tadala pojambula tizilombo timeneti kubafa. Ndinakalipa mpaka aneba anatuluka. Kusitudiyo nako anakana kutsuka zithunzizo, ati filimu yapsa, pakungooneka khoma ndi timadontho. Munakweranso minibasi kukawachonderera. Mutabwera nazo munakhala pakhonde ndi galasi lanu lokulitsa zinthu lija, n'kumati, "Mayi a Tadala, taonani mitsempha ya phikoli. Akatu ndi ka mtundu wina, si kadzulo kaja ayi." Ine osacheuka n'komwe, ndinangoti, "Ntchentche ndi ntchentche, abambo."

Lero ndakajambula pafoni. Chithunzi chatuluka bwino, ubweya wonse ukuoneka, zomwe inu munazifuna zaka zonse zija osazipeza. Ndatulutsa envelopu yanu, ndayala zithunzi patebulo, ndafananiza mpaka maso kuwawa. Mayina munalemba kuseri ndi pensulo aja sinditha ngakhale kuwatchula. Pa chimodzi munangoikapo chizindikiro cha funso, ndipo mtima ukundiuza kuti n'komweka, koma ndifunsa ndani poti inu munatisiya? Tadala akuti ndingokathira madzi otentha. Ketulo ndatereka kawiri, kawiri konse madzi azizira ndili chiimire. Kadakali pakhoma pomwepo, bambo a Tadala. Pano ndiye ndikuyang'ana. Tandiuzani, ndi ka mtundu wanji?