Mwana amene tinamusiya mkati mwa waya

Ine si munthu wa nkhani zambiri, ndipo kupeka bodza sindikutha. Izi ndinaziona ndi maso anga dzuwa likuswa mtengo, osati kutulo ayi.

Tinkakhala kufupi ndi Mikolongwe, kwawo kwa akazi anga, kumene ndinali mkamwini. Malo anali abwino, chimanga ndi nandolo kumtunda, dimba kudambo. Kenaka kunabwera kampani ina, dzina sinditchula, n'kunena kuti yagula malo onsewo kuti imangepo fakitale. Anagulitsa ndani? Mpaka lero aliyense amaloza mnzake. Tinakana, tinatopa, tinasamuka. Anatiponya pamalo amiyala cha ku Likoswe.

Za manda anachita mwaulemu, ndisaname. Anaitana ife amuna kuti tiwalozere manda onse, anagula mabokosi, abusa anapemphera, mafupa anasamutsidwa. Tinati zatha.

Koma kwathu kuno mwana wobadwa wakufa, amene timati nthayo, salowa kumanda a akuluakulu. Amakamuika amayi okhaokha mwakachetechete, padzenje losaya, ndipo mwamuna safunsa kuti ali pati. Amati ukamukwirira mozama watseka mimba ya mayi wake. Mwana wathu woyamba anapita choncho, ndipo ine bambo wake sindinkadziwa pamene anagona. Nanga pamsonkhano wa amuna okhaokha akanamutchula ndani?

Pamene tinkasamuka akazi anga anali ndi pakati pena. Mtendere unawathawa. Kudya osadya, kukhala pansi osakhazikika, kungozungulira nyumba. Ankati akumva kulemera pamimba ngati wina akuwathira dothi. Ndinawayankha kuti mimba imalemera kale, asanditopetse. Kuchipatala anawayeza n'kunena kuti zonse zili bwino, koma lole iliyonse ya mchenga ikamadutsa ankaiperekeza ndi maso mpaka itabisika.

Tsiku lina pochokera kumunda masana ndinapeza chitseko chili pululu, moto utazima, kakhasu kawo palibe. Mayi wina woyandikana nafe anandiuza, maso ali pansi, kuti kumjigo kwamveka zoti akatapila ayamba kukwirira dambo lathu lakale. Anangoti ndithamange.

Ndinabwereka njinga. Pageti la mpanda wa waya umene kampani inamanga ndinapeza mlonda, bambo amene tinkalima naye moyandikana kale, tsopano ali mu yunifolomu. Anati palibe mzimayi wadutsa, ndipo ndisamuchotsetse ntchito, ana ake adya chiyani, waya? Ndinamusiya n'kutsata mpanda kulowera kumtsinje, mpaka ndinapeza pamene munthu anakwawa pansi pa waya. Ndinakwawa nanenso.

Mkatimo sindinazindikire kalikonse. Mango kulibe, nyumba kulibe, dothi lofiira lokhalokha, mudzi umene ndinakhalamo zaka zonsezo osadziwa kuti khomo langa linali pati. Kumapeto kwake katapila ankakankha mulu wa dothi wotalika kuposa nyumba, kulunjika kudambo. Kunsi kwa muluwo, pachitsa cha mkuyu, akazi anga anali atagwada akukumba.

Dalaivala akanawaona bwanji, mulu uli pakati? Ndinakuwa, koma mawu anga anamezedwa ndi injini. Ndinathamanga ndikukupiza malaya, kugwa, kudzuka. Dothi linayamba kugumukira pansi ine ndikuona. Linawakwirira miyendo, kenaka chiuno. Iwo osadzuka, osatembenuka n'komwe. Ndinatola mwala n'kugenda galasi la katapila, ndiye anaima.

Dalaivala anatsika akutukwana, n'kusuzumira kunsi, n'kuwaona. Tinatsetsereka tonse awiri, mlonda uja akutitsatira, n'kuyamba kufukula ndi manja. Titawamasula miyendo ndinawagwira mkono kuti ndiwakoke. Anandiyang'ana ndi maso amene sindinawaonepo chikwatirane, n'kunena motsitsa kuti amupeza, ndipo amuna tonse titembenuke.

Tinatembenuka. Amuna atatu akuluakulu, kuyang'ana dothi, mulu uli lende pamwamba pathu, timiyala tikugwabe. Kumbuyo ndinkangomva kakhasu, kenaka nsalu ikumangidwa. Chimene anakulunga m'chitenjemo sindinachione ndipo sindinafunse.

Dalaivala anafunsa, asanatembenuke, ngati pali ana ena pamenepo. Akazi anga anati ambiri, kuyambira nthawi ya agogo awo, m'mbali monse mwa dambo. Munthu uja anavula chipewa n'kunena kuti mbali inayo anakwirira kale sabata yatha.

Amayi a kumalo atsopano anakamuikanso kumene akudziwa okha. Akazi anga anachira bwino, kunabadwa mtsikana, pano ali kusukulu. Koma mng'ono wawo, amenenso mwana wake anaikidwa mbali inayo, sanaonenso mwana mpaka lero. Achipatala ali ndi mayankho awo, ndipo sindikutsutsana nawo.

Kaya dothi limatsekadi mimba, ine sindidziwa. Chimene ndikukhulupirira n'chakuti amuna timadziwa malire a munda, koma zonse zimene zagona m'nthakamo sitizidziwa. Anthu a kampani akadzafika kwanu, ngakhale mutalephera kuwakaniza, musalole katapila kulowa amayi asanafunsidwe paokha. Pagulu la amuna sadzayankhula, adzangonyamuka okha tsiku lina ndi kakhasu, ndipo si aliyense adzapeze njinga msanga.