Laputopu ya Bizweki Itayamba Kuthamanga

Zoti Bizweki anafufuta yekha nyimbo za malemu mkazi wake pofuna kusangalatsa kamkazi kogulitsa mandasi ku Songani, limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Ofalitsawo ndikuwadziwa, amayambira pamjigo n'kukamalizira kuchigayo. Ndi mkazi uti angamufune Bizweki lero, munthu wotsala ndi njinga yopanda mabuleki?

Bizweki anabwera kuno ku Likangala ngati mkamwini. Kwawo ndi ku Songani, ndipo kulima mpunga kunamukanika mpaka kalekale. Akalowa m'sikimu, khasu ndi limene linkamugwira iyeyo. Chimene ankatha ndi kubena nyimbo. Anali ndi kachisakasa pamsika, sola padenga, laputopu patebulo, ndipo asodzi a ku Chilwa ankamusiyira memore khadi kuti awadzazire nyimbo. Mlimi weniweni pabanjapo anali mkazi wake Elenala, yemwenso ankatsogolera kwaya kutchalitchi. Mawu ake ankafika kutsidya kwa mtsinje. Bizweki ankamujambula paliponse, paukwati, pamaliro, ngakhale akupeta mpunga uku akung'ung'udza kanyimbo. Zonse ankasunga mulaputopumo.

Elenala anamwalira m'dzinja atangodwala pang'ono. Chimene chinamutsalira Bizweki ndi mawu aja basi.

Koma laputopuyo inali nkhalamba. Ukaiyatsa unkatha kupita kumjigo, kubwerako, iyo ikadaganiza. Aubrey, mchimwene wake wa Elenala, amenenso ndi mwinimbumba, ankaiseka poyera.

"Alamu, chibokosi chanuchi bwanji osangochisandutsa mpando?"

Kenako m'kati mwake munayamba kulira kuti ke! ke! ke! ngati mwalowa chiswe. Bizweki anachita mantha. Anaikulunga m'chitenje cha malemu, ulendo wa ku Zomba kwa Samsoni wokonza makompyuta.

Samsoni anaika khutu, napukusa mutu.

"Achimwene, disiki yanuyi ikufa. M'katimu muli kambale kozungulira, katopa. Tiikemo yamakono, ija amati esi-esi-di. Ilibe chozungulira."

"Nanga mayi akunyumba? Ali m'menemo."

"Amenewo tiyamba tawasamutsa. Sitimasula kanthu tisanakopere."

Analumikiza disiki yatsopano ndi chingwe, nayamba kukopera zonse monga zinalili. Ntchitoyo inkayenda ngati nkhono. Bizweki anakana ngakhale chipisi chimene Samsoni anamugulira, maso ali pa kamzere kosonyeza pamene kukopera kwafika. Zitatha, Samsoni anamasula timasikuluu, nazula yakale, nalowetsa yatsopano. Kungodina batani, laputopu ija inadzuka ngati mwana womva fungo la matemba okazinga. Anatsegula nyimbo imodzi imodzi, zonse zilimo. Elenala anayimba m'kashopu monse mpaka mayi wina wodutsa anaima pakhomo.

Samsoni anati ayesenso yakale ija kuti Bizweki akaisunge ngati nkhokwe yachiwiri. Inangoti ke! kamodzi, zii. Inali itafa.

"Mwawapulumutsa pakamwa pa ng'ona," anatero Samsoni.

Apa ndi pamene Bizweki anapusa. M'malo mobwera mwakachetechete, anafikira pamsika n'kumaonetsa aliyense. "Taonani kuthamanga! Dinani nokha!" Anthu anadina, anadabwa, nkhani inafika kwa Aubrey dzuwa lisanapendeke. Chibokosi chija chimene palibe ankachifuna chinasanduka chuma cha mbumba.

Tsiku losudzula litakwana, akuluakulu anakhala pansi kuti amumasule Bizweki azipita kwawo. Anamupatsa njinga, zovala zake ndi khasu limene sankalidziwa kagwiridwe. Atafika pa laputopu, Aubrey anakhosomola.

"Iyi inagulidwa ndi mpunga wa m'munda wa mchemwali wanga. Itsala pano."

Palibe anatsutsa, pakuti zinali zoona. Mkamwini ndi mlendo, sanyamula za pamudzi. Bizweki anagwada.

"Alamu, tengani, sindikulimbana nanu. Mungondilola ndikopereko nyimbo zokha."

Tamvani zimenezo! Munthu wodzaza makhadi a asodzi onse a ku Chilwa analibe khadi ngakhale imodzi yokhala ndi mawu a mkazi wake. Ankati mulaputopu ndi m'malo otetezeka.

"Musadandaule, alamu," anatero Aubrey. "Uja ndi mlongo wanga, magazi amodzi. Mudzabwere Loweruka."

Loweruka Bizweki anapalasa njinga kuchokera ku Songani, khadi yatsopano ili m'thumba la malaya. Anapeza kachisakasa kake kaja atakatchinga ndi mphasa, m'kati anthu thithithi akuonera mafilimu a karate. Aubrey anatuluka akutafuna nzimbe.

"Ndabwerera nyimbo zija, alamu."

"Nyimbo ziti? Ine ndinapeza mulibe kanthu. Kapena munafufuta nokha, poti tikumva kuti kwanuko mwayamba kudya mandasi aulere?"

Anthu anaseka. Bizweki anapempha kuti aone yekha, anamulola. Anafufuza paliponse, laputopu ikuthamanga bwinobwino, koma Elenala munalibe. Anatuluka osatsazika.

Masiku ano amanyamula matumba a mpunga panjinga pa Songani. Kutchalitchi sapita, akuti kwaya imamupweteka mutu. Akamunena za mandasi sayankha, ndiye anthu amati wavomera. Koma Falida, mkazi wake wa Aubrey, pakamwa pake sipakhala chivundikiro, ndipo anaona zonse ndi maso ake.

Nyimbo za Elenala anafufuta ndi mchimwene wake Aubrey, kuti apeze malo oikamo mafilimu a karate.