Ng'oma yanu ija, Bambo

Lero ndapeza ana asukulu akuwamba ng'oma pamoto, ndipo ndakumbuka inu, Bambo. Zaka zija matipate atangoyamba, tinachoka ku Mlonyeni pa minibasi kukaona chionetsero cha zosemasema ku myuziyamu, inu mutavala jekete lanu la kutchalitchi. Mutaiona ng'oma yanu pakati pa zosema za ena, munaigogoda ndi chala. Mlonda anakalipa, "Madala, zimenezo sagwira!" Ine, mphunzitsi wa tayi pakhosi, ndinangoti, "Pepani, ndi akumudzi."

Simunandidzudzule. Pobwerera munangoti, "Chikopa chija chazizira, mwana wanga. Akanaiwamba pang'ono." Papita zaka zambiri chimwalirireni inu, koma mawu amene ndinameza tsiku lija akadanditsamwabe: "Anaisema ndi bambo angawa."