Thunthu la Nthochi ku Chisenga

Mwana wa mlongo wanga anachoka ku Chisenga atangomaliza sukulu, napita ku Dar es Salaam kukafuna ntchito padoko. Patapita zaka analembedwa ntchito pa sitima yapamadzi yonyamula katundu. Ndikunena sitima, osati bwato, pakuti kwathu kuno kumapiri anthu amasokoneza ziwirizi. Ankabwera mwa apo ndi apo. Anakwatira, ndipo mkazi wake anamusiya pakhomo pa makolo.

Uthenga wa imfa yake unabwera ndi mnzake wa kuntchito, amene anayenda ulendo wonsewo kuti adzatiuze pamaso. Iye anati malungo anamugwira ali pakati pa nyanja yamchere, kutali ndi doko lililonse, ndipo poti sitimayo inali yakale, yopanda chipinda chozizira, thupi analiika m'madzi. Alamu anga, bambo a malemu, anamudula pakamwa.

"Mwana wanga si galu woti n'kumutaya mumtsinje," anatero. "Ali moyo. Bwererani kumene mwachokera."

Kwathu, munthu akafera kutali thupi lake osabwera, timaika m'manda thunthu la nthochi, kuti mayi alire poyera ndiponso kuti wamasiye amasulidwe. Koma bambo akakana, palibe amene angagwire khasu. Choncho mlongo wanga ankalirira kumunda, pakati pa chimanga, kumene mwamuna wake sakanamumva. Mpongozi wake anangokhala, osadziwa ngati ndi wapabanja kapena wamasiye. Mvula inatha, anthu anakolola, nkhani ili pomwepo.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangopuma ntchito ya uphunzitsi, ndikukhala paboma. Loweruka lina alamu anatulukira pakhomo panga, fumbi lili mbuu m'miyendo.

"Alamu," anatero, "inu odziwa kusanja mawu, mundipezere buku la sitima zapamadzi. Ndikufuna kudziwa ngati zosowa zimabwerera."

Bukulo linalipo kusukulu kumene ndinkaphunzitsa, lachingerezi, la zithunzi zambiri, lofotokoza mbiri ya sitima zikuluzikulu zonyamula anthu ndi zankhondo. Ndinalibwereka. Kuyambira pamenepo ankabwera Loweruka lililonse, ife n'kukhala pakhonde, ine ndikumasulira ndime ndi ndime.

Tinayamba ndi sitima ija imene inagunda phiri la madzi oundana pa ulendo wake woyamba. Alamu sanaikonde. Anati eni ake anali odzikuza, ndipo ndipitirire. Imene inawagwira mtima inali ina yonyamula anthu olemera, imene pa nthawi ya nkhondo anaipaka utoto wotuwa n'kumanyamulira asilikali. Adani anaisaka osaipeza, ndipo nkhondo itatha inabwerera kwawo yamphumphu.

"Mwaona? Yawerako," anatero alamu m'Chitumbuka, akumenya bondo.

"Yabwerera," ndinawakonza mwachizolowezi cha uphunzitsi.

"Inu alamu, munthu atamamira n'kumakuwa, mungayambe mwakonza Chichewa chake musanamuponyere chingwe."

Tinaseka. Kanali koyamba kuwamva akuseka chibwerere uthenga uja.

Kenako tinafika pa mutu wa sitima zankhondo zimene sizinabwerere. Ndinali nditauwerengeratu, ndipo ndinaganizapo zoulumpha. Koma munthu wamkulu akakupempha kuti umuwerengere, sumusankhira zoti amve. Ndinawafotokozera kuti malo amene sitima yotere inamira amatengedwa ngati manda, ndipo abale amapita kukaponya maluwa pamadzipo. Ndinapitiriza ndi mwambo wa amalinyero munthu akamwalira paulendo: amasokera thupi m'nsalu yolimba, amaimitsa injini, onse amavula zipewa, mkulu wa sitima amawerenga pemphero, kenako amatsitsa thupilo mwaulemu.

Alamu anayang'anitsitsa chithunzi cha amuna oimirira pamzere, zipewa zili m'manja.

"Amaimitsa injini?" anafunsa.

"Bukuli likutero."

"Sitima yonseyo, ndi katundu wa eni ake, kuima chifukwa cha munthu mmodzi?"

"Likutero, alamu."

"Buku ndi buku. Muimbireni foni mnyamata uja ndinamuthamangitsa."

Nambala yake ndinali nayo. Mwamwayi anali kumtunda, ndipo anayankha. Alamu anagwira foni ndi manja awiri, osapereka ngakhale moni.

"Mwana wanga, munaimitsa injini?"

Ndinkamva mawu a mnyamatayo chapansipansi. "Tinaimitsa, baba. Nsalu ndinasoka ndine. Tinapemphera tonse, Akhristu ndi Asilamu omwe."

"Bwanji simunandiuze?"

"Simunandilole kumaliza, baba."

Alamu anandibwezera foni, natseka bukulo okha. Sanadye chakudya chimene akazi anga anakonza. Atafika pachipata anatembenuka.

"Lachiwiri mubwere kumudzi. Mubwere ndi nsalu yoyera, yolimba."

Thunthu la nthochi anadula okha kuseri kwa nyumba, mapiri a Mafinga atakutidwa ndi nkhungu. Anakana kuti wina awathandize kulisokera m'nsalu ija, ngakhale kuti ulusi unkangotuluka m'singano. Titafika kumanda, abusa asanayambe, anapempha amuna onse kuti avule zipewa ndi kukhala chete pang'ono. Kenako anayang'ana mkazi wawo.

"Amama, lirani tsopano," anatero.

Mlongo wanga analira mpaka mawu anatha. Mpongozi wake anamasulidwa mwambo utatha, ndipo anabwerera kwawo ku Wenya. Bukulo ndinakalibweza kusukulu sabata yotsatira, mutu womaliza tisanauwerenge.