Patani ya bwato pa mapepala a simenti

Ine ndine telala, ndipo makina anga akhala pakhonde la sitolo pa Kamwendo kwa zaka zambiri. Amuna anga ndi kalipentala wa zitseko, mabenchi a tchalitchi ndi mabokosi a maliro. Kunena zoona, mabokosiwo ndiye amawatha kwambiri.

Munda wathu wa fodya uli kutsidya kwa mtsinje. Chaka china madzi anakokolola ulalo wa mitengo umene tinkawolokera, masamba apansi atayamba kale kuchita chikasu. Fodya sadikira munthu. Ukachedwa kuthyola amawolera m'munda, thukuta la chaka chonse n'kulowa m'madzi. Kuzungulira kumlatho wa msewu waukulu unali ulendo wa tsiku lonse pa njinga.

Amuna anga anati akhoma bwato. Kwathu kuno bwato timangoliona pa kalendala, koma iwo analibe nazo ntchito. Anatenga sikweya yawo yoyezera n'kujambula mizere yowongoka pa thabwa lopyapyala la pulayiwudi monga mwa masiku onse. Chimene chinatuluka aliyense anachizindikira. Akabaza podutsa ankavula zipewa, ndipo mayi wina wogulitsa tomato anabwera kumakina kwanga atagwira m'manja, n'kufunsa monong'ona kuti watisiya ndani. Amuna anga atayesa kupinda mbali zake kuti zikumane kutsogolo, zinadzuka m'mwamba n'kusiya mpata woti nkhuku kulowa. Atakakamiza ndi misomali, thabwa linang'aluka.

Panatsala mapulayiwudi awiri okha, ndipo kuhadiweya anati ena sabwera msanga. Ndinawapeza bambowo atakhala pa bokosi lawo lija, dzanja lili patsaya. Anandimvetsa chisoni, komanso ndinapsa mtima, chifukwa vuto lake ndinali nditaliona kale.

"Bambo, mkono wa malaya sitidula mowongoka," ndinatero. "Timadula mokhota nsalu ili pansi, kuti ukakhale bwino paphewa."

"Mayi, bwato si diresi."

"Eya, koma si bokosinso."

Anangodzuka pa bokosi paja n'kundipatsa malo, ndiye ndinadziwa kuti andilola. Ndinatenga katoni ya sopo, n'kudula tizidutswa, n'kusoka ndi singano kabwato kotalika ngati mkono wanga. Koyamba kanapendekeka m'beseni. Kachiwiri kanatuluka ndi mphuno yokhota. Kachitatu kanayandama bwinobwino, katanyamula miyala isanu. Nditakasomola n'kuyala zidutswa zake patebulo, mbali iliyonse inali yopindika ngati nthochi. Amuna anga anaitembenuza kangapo m'manja, osakhulupirira kuti chinthu chokhota chotero chingatulutse mbali yooneka yowongoka.

Kukulitsa patani ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Ndinamata mapepala a matumba a simenti ndi phala, n'kuwayala pasimenti ya khonde. Pakati ndinakoka chingwe, ndipo kuchokera pachingwepo ndinkayeza ndi tepi yanga, inchi imodzi ya kabwato kukhala mainchi anayi, n'kuika kadontho. Madontho atatha, iwo anang'amba nsungwi yaiwisi n'kuipinda motsata madonthowo, ine ndikudutsitsa choko changa chosokera m'mphepete mwake. Patani ya mbali ndinadula imodzi yokha, ya mbali inayo n'kungoitembenuza, monga timachitira ndi mikono ya malaya. Mwachizolowezi ndinasiyanso mpata wa msoko, ndipo apa anandiseka mpaka misozi, amvekere thabwa salipinda mpendero. Ndinavomera, n'kudulako.

Titajambula pa pulayiwudi, anagwira sowo n'kuima.

"Mayi, mukalakwitsa apa, fodya wapita."

Ndinatenga tepi yanga. Ndinayezanso malo atatu, kenako ndinati, "Dulani."

Anaboola timabowo m'mphepete mwa zidutswa zonse, ndipo tinazisoka ndi waya kuyambira kumbuyo. Tikamanga waya mmodzi, thabwa linkadzipinda lokha popanda wolikakamiza. Titafika kutsogolo, mbali ziwiri zija zinakumana ndendende, moti ngakhale singano sikanalowa. Ndinalulutira pakhonde pomwepo, anthu a pamsika n'kutembenuka. Iwo anakhoma nthiti zamkati, ine ndinadula timizere ta nsalu ya jinzi zakale, tinamata m'misoko monse ndi phula wotentha.

M'mawa wa tsiku lachitatu tinalikweza pangolo. Anthu anatitsatira ambiri, ena ndithu kudzaona m'mene timirire. Amuna anga analikankhira m'madzi, n'kukwera, n'kuyamba kupondaponda pansi kufuna pamene pakudontha. Panalibe. Kenako anatambasula dzanja.

"Kwerani, mayi. Diresi yanuyi."

Ine madzi ndimawaopa, koma ndinakwera, ndipo anatiwolotsa ndi nsungwi yaitali. Fodya tinam'peza masamba apansi ena atawola, koma ochuluka ali bwino. Tsiku limenelo tinawoloka kasanu ndi kamodzi. Ulendo womaliza ndinakhala pamwamba pa mitolo ngati mkwatibwi, mayi wa tomato uja ali pagombe kuwomba m'manja. Bambo wina anafunsa mokweza kuti bwato lotere anakaphunzira kuti, ndipo amuna anga, amene savomereza zinthu msanga, anayankha anthu onse akumva.

"Ine ndangokhoma. Anadula ndi mayiwa."

Sabata imeneyo isanathe, chigafa chathu choumitsiramo fodya chinali chitadzaza mpaka kudenga.